Maina Atatu pa Pepala Limodzi Lovotera

Pa 20 Meyi 2014 ife a kuno ku Chitala tidalawirira kukaima pamzere monga adachitira Amalawi m'maboma onse. Pa pepala losankhira mtsogoleri wa dziko padali anthu 12, ndipo mavoti atawerengedwa anayi ndiwo adatsogola. A Peter Mutharika adapeza mavoti pafupifupi 36 pa 100 alionse, a Lazarus Chakwera 28, Mayi Joyce Banda 20, ndipo a Atupele Muluzi 14. Wowerenga ayang'anenso mainawo. Chiyambire ufulu wodzilamulira mu 1964, dziko lino lidali litatsogoleredwa ndi maina atatu okha: Banda, Muluzi ndi Mutharika. Maina atatu omwewo adapezekanso pamwamba pa pepala la tsiku limenelo, ndipo onse atatu adabwereranso pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025.

Mlendo wosadziwa mbiri yathu akhoza kuganiza kuti mabanja atatu amangopatsirana mpando. Zoona zake n'zakuti maina atatuwa adafika pa pepalalo podzera njira zitatu zosiyana, ndipo wovota amene sazisiyanitsa amapusitsidwa mosavuta.

Tiyambe ndi Banda. Ili ndi dzina la mfunda, kapena kuti chiwongo, osati la banja limodzi. Mbiri ya Achewa imasimba za mafuko awiri akuluakulu, a Banda ndi a Phiri. A Phiri ndiwo adali eni ufumu wa Kalonga, amene likulu lake lidali ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, kummwera kwa boma lathu lino la Salima. A Banda ankadziwika ngati eni nthaka ndi osunga malo opempherera mvula, ndipo Mwali, mkazi wamkulu wa Kalonga, ankachokera kwa iwo. Patapita zaka mazanamazana, mfundawu udafalikira kuyambira kunyanja kuno mpaka ku Chipata ndi ku Tete, ndiponso pakati pa Atonga a ku Nkhata Bay. Lero anthu awiri otchedwa Banda akhoza kukumana pamsika wa Kamuzu Road osadziwana ngakhale agogo awo.

Ndi mmene zilili ndi a Banda a m'ndale. Dr Hastings Kamuzu Banda, amene adabwerera kumudzi pa 6 Julayi 1958 nalamulira mpaka 1994, adali Mchewa wa ku Kasungu. A Aleke Banda, amene adathandiza kukhazikitsa chipani cha MCP mu 1959 ali mnyamata wa zaka 20, adali Mtonga wa ku Tukombo. Ambiri akunja ankawayesa mwana wa Kamuzu, koma sadali pachibale, ndipo kufanana kwa dzina sikudawateteze: adatsekeredwa popanda mlandu kuyambira 1980 mpaka 1992. Mayi Joyce Banda adabadwira kwa Malemia ku Zomba m'banja la a Mtila, ndipo dzina la Banda adalitenga pokwatiwa ndi a Richard Banda, amene adakhalapo mkulu wa makhothi onse. A Rupiah Banda, mtsogoleri wa Zambia kuyambira 2008 mpaka 2011, ndi a Henry Chimunthu Banda a ku Nkhotakota, sipikala wa Nyumba ya Malamulo kuyambira 2009 mpaka 2014, nawonso ndi a nyumba zina. Dzina ndi limodzi, koma magazi, kwawo ndi zipani n'zosiyana.

Dzina la Mutharika lili ndi mbiri ina. Bingu adabadwira ku Thyolo mu 1934 m'banja lomwe linkadziwika ndi dzina la Thom, ndipo dzina la Bingu wa Mutharika adalitenga atakula kale. Pamene adaima koyamba pa chisankho cha 1999, pansi pa chipani chake cha United Party, sadapeze ngakhale voti imodzi pa 100 alionse. Mu 2004 adapambana atanyamulidwa ndi chipani cha UDF, ndipo mu 2009, anthu atadya chimanga cha makuponi a feteleza, adapeza mavoti pafupifupi 66 pa 100. Zaka khumi zokha zidasintha dzina lomwe anthu ankalidumpha kukhala dzina lomwe ankaliimbira nyimbo. Chidadzaza dzinalo ndi nkhokwe za m'midzi.

Koma litalemera, dzinalo lidayamba kufuna wolilowa. Poyera padamveka kuti mng'ono wake wa Bingu, a Peter Mutharika, amene adaphunzitsa zamalamulo kwa zaka zambiri pa Washington University ku St. Louis, ndiwo adzaimire chipani cha DPP. Wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Mayi Joyce Banda, adachotsedwa m'chipanicho mu Disembala 2010. Bingu atamwalira mwadzidzidzi pa 5 Epulo 2012, dziko lidakhala masiku awiri mtima uli m'mwamba, osadziwa ngati litsata chibale kapena malamulo. Malamulo adapambana, ndipo Mayi Banda adalumbira pa 7 Epulo. A Peter adayenera kudikira voti ya 2014. Atalowa, adalandira zonse zomwe dzinalo lidasenza, mbiri ya chimanga pamodzi ndi mbiri ya pa 20 Julayi 2011 pamene anthu pafupifupi 20 adafa pa zionetsero. Khothi lidafafaniza chisankho cha 2019 pa 3 Febuluwale 2020, iwo adagonja pa 23 Juni chaka chomwecho, kenaka adapambananso mu 2025. Dzina silidasinthe m'zaka zonsezi. Chidasintha ndi maganizo a ovota pa mtengo wa chimanga, wa feteleza ndi wa mafuta.

Dzina lachitatu ndi limene limatikhudza kwambiri ife a m'mbali mwa nyanja, ndipo tiyenera kulikamba moona mtima. A Bakili Muluzi, a kwa Kapoloma ku Machinga, adapambana chisankho cha pa 17 Meyi 1994 nakhala Msilamu woyamba kutsogolera dziko lino. Chaka chomwecho maphunziro a pulaimale adakhala aulere, ndipo ana ambiri a m'midzi yathu, amene makolo awo ankaopa sukulu za mishoni kapena kusowa fizi, adalowa m'kalasi. M'nyumba zambiri kuyambira ku Mangochi mpaka ku Nkhotakota, dzina la Muluzi lidasanduka ngati la wachibale. Komabe mu Julayi 2002 Nyumba ya Malamulo idakana kusintha lamulo kuti mtsogoleri azilamulira kupitirira zigawo ziwiri, ndipo mwini dzina adatsika mu 2004.

Mwana wawo, a Atupele Muluzi, adalowa m'Nyumba ya Malamulo chaka chomwecho ngati phungu wa Machinga North East ali ndi zaka za m'ma 20, ndipo mu 2012 adakhala mtsogoleri wa UDF. Palibe angakane kuti dzina lidawatsegulira khomo msanga. Mnyamata wina wa msinkhu womwewo, mwana wa msodzi wa ku Senga Bay, akadayenda ulendo wautali kuti afike pomwepo. Koma khomo lotsegulidwa ndi dzina silidawafikitse ku nyumba ya boma. Mavoti 14 pa 100 a mu 2014 adatsika kufika pansi pa 5 mu 2019, ndipo chaka chimenecho adataya ngakhale mpando wa uphungu kwawo komwe. Anthu omwewo amene adakonda bambo adayeza mwana pa sikelo yakeyake.

Kumpoto nako kuli nkhani yofanana. A Chakufwa Chihana, amene adamangidwa pabwalo la ndege ku Lilongwe pa 6 Epulo 1992 chifukwa choitanitsa ndale za zipani zambiri, adasiya chipani cha AFORD pomwalira mu 2006, ndipo lero chikutsogoleredwa ndi mwana wawo, a Enoch Chihana. Palinso chibale chomwe sichioneka pa dzina. A John Tembo, amene adali ndi mphamvu zambiri m'zaka zomaliza za Kamuzu, adali malume awo a Mama Cecilia Kadzamira. Wongowerenga maina sakadachiona chibalecho, pomwe wa ku Dedza aliyense ankachidziwa.

Zoterezi si zathu zokha. Dziko la America lidakana ufumu wa ku Britain mu 1776, koma mtsogoleri wake wachiwiri, John Adams, adaona mwana wake John Quincy Adams akulowa pa mpando womwewo mu 1825. Onse awiri adalamulira chigawo chimodzi chokha nagonja. William Henry Harrison adamwalira mu 1841 atalamulira mwezi umodzi, ndipo mdzukulu wake Benjamin Harrison adalowa mu 1889. Theodore Roosevelt ndi Franklin Roosevelt adali pachibale chapatali ndipo adali a zipani zotsutsana. Andrew Johnson wa mu 1865 ndi Lyndon Johnson wa mu 1963 adali ngati a Banda athu: dzina limodzi, chibale palibe. George H. W. Bush adalowa mu 1989, mwana wake George W. Bush mu 2001, koma mwana wina, Jeb Bush, adalephera ngakhale kusankhidwa ndi chipani chake mu 2016, chaka chomwe Hillary Clinton, mkazi wa mtsogoleri wakale Bill Clinton, adagonjanso.

Nkhani yomwe imandiphunzitsa kwambiri ndi ya mu 1954 ku Massachusetts. Kumeneko dzina la Kennedy lidali lokoma m'makutu chifukwa cha John F. Kennedy, amene pa nthawiyo adali seneta wachinyamata. Munthu wina wogwira ntchito mosungira katundu pa kampani ya malezala ya Gillette, dzina lake John Francis Kennedy, wopanda chibale chilichonse ndi banja lotchukalo, adalembetsa kuti apikisane pa udindo wa msungichuma wa chigawocho. Sadachite misonkhano yambiri ndipo sadaononge ndalama zochuluka, koma adapambana nakhala pa udindowo mpaka 1961. Ambiri mwa omuvoterawo adaona dzina, nachonga. Izi zidachitika m'dziko la anthu odziwa kuwerenga, la nyuzipepala ndi mawailesi. Tisadziyese ochenjera kuposa iwo.

N'chifukwa chiyani dzina limakoka voti chotere? Gawo lina ndi la ndalama ndi chipani: mwana wa mtsogoleri amapeza magalimoto, mabwenzi olemera ndi makomiti a m'madera zili kale m'manja. Gawo lina lili mwa ife ovota. Munthu amene sitikumudziwa timamuopa, ndipo dzina lozolowereka limatipatsa mtima wakuti tikumudziwa. Timati make mbuu, mwana mbuu, ndipo nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma kuno kwathu palinso chifukwa chachitatu, chozama kuposa ziwirizi. Tidakulira m'mwambo wolowa dzina. Khombedza, Maganga, Kuluunda, Ndindi ndi Pemba ndi maina amene sakalamba. Mwini wake akagona, wina amalowa. Ku Nkhotakota, Salim bin Abdallah atakhazikika cha m'ma 1840, amene adabwera pambuyo pake onse ankatchedwa Jumbe kufikira atsamunda adathetsa ufumuwo m'ma 1890. Choncho tikaona dzina lakale pa pepala lovotera, mtima umathamangira kuganiza kuti mpandowo uli ndi eni ake.

Apa m'pamene timalakwitsa ngakhale mwambo wathu womwe. Pakati pa Achewa ndi Ayao, ufumu sunkapita kwa mwana wa mfumu. Unkatsata mbumba, kwa mng'ono kapena kwa mwana wa mlongo wake, ndipo sunkangogwera woyamba kubadwa. Amayi akuluakulu a m'banjamo ankakhala pansi nkuyeza ana awo mmodzimmodzi: uyu ndi waukali, uyu ndi womana, uyu amamva za anthu, uyu akhoza kuweruza mlandu wa malire osakondera. Woyenera ndiye ankagwidwa nkulongedwa, kenaka ankalangizidwa pamaso pa anthu. Dzina linkabwera pambuyo pa kuyeza. Makolo athu, amene sadaone bokosi la voti, sankapereka mudzi kwa munthu chifukwa chongobadwira pakhomo loyenera. Zingakhale zachisoni kuti ife, amene tidavotera ufulu wosankha pa 14 Juni 1993, tichite mosasamala kuposa iwo.

M'kaundula wa ana amene ndimaphunzitsa mumapezeka a Saidi angapo ndi a Mussa angapo amene sali pachibale, chifukwa ambiri mwa ife timatenga dzina loyamba la bambo kukhala lachiwiri la mwana. Mumapezekanso ana a mimba imodzi olembedwa maina osiyana. Mphunzitsi amene angagawe malikisi potsata maina angachite manyazi pa tsiku loyamba. Amayenera kuitana mwana aliyense, kumumvetsera akuwerenga, nkulemba chimene wamva.

Sindikunena kuti mwana, mng'ono kapena mkazi wa mtsogoleri asaime pa chisankho. Malamulo amamulola, ndipo kumukana chifukwa cha dzina n'kulakwa kofanana ndi kumuvotera chifukwa cha dzina. Franklin Roosevelt adatulutsa dziko lake m'njala ya ntchito ya m'ma 1930, ndipo ndani angati adalakwa kubadwa Roosevelt? Chomwe mbiri ya zaka 60 ikutionetsa n'chakuti dzina silidatetezepo Aleke kundende, silidapatsepo Bingu mavoti mu 1999, ndipo silidasungepo mpando wa Machinga North East mu 2019.

Chisankho china chidzafika, cha khansala, cha phungu ndi cha mtsogoleri wa dziko, ndipo pa mitengo ya m'mbali mwa msewu wa ku Nkhotakota padzamatidwanso zithunzi za maina odziwika. Tsiku limenelo tidzakhale pakhonde monga ankachitira amayi a mbumba, tifunsane za munthuyo: adagwirapo ntchito yanji, ndalama za anthu zidayenda bwanji m'manja mwake, ndipo madzi atasefukira m'minda mwathu adali kuti. Tikapeza mayankho, dzina lake tidzalifune pa pepala pomaliza, kuti tidziwe pochonga.