Kansanza ka ku Ing'ombe Ilede

Ambuya anga anagwira ntchito ku Kafue Textiles masiku amene makina anali kulira usiku ndi usana. Mpaka lero amasunga kachitenje kong'ambika m'sutikesi yawo. Tsiku lina ndinafuna kukatenga kuti ndipukutire nsapato. "Iwe mwana, siya!" anandikalipira. "Nsalu iyi inadutsa m'manja mwanga." Ndinaseka, poti ife a m'komboni tinakulira m'salaula, ndipo tinkaganiza kuti nsalu yabwino imachokera m'belo.

Kusekako kunatha nditawerenga za Ing'ombe Ilede. Malowa ali pafupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu umathira mu Zambezi. Ukachoka kuno ku Kafue umatsata msewu wa ku Chirundu, n'kukhotera wa ku Siavonga. M'Chitonga dzinali limatanthauza ng'ombe yogona, chifukwa cha mlambe umene unagwa n'kumaoneka ngati ng'ombe ili gone.

Mu 1960 anthu okumba maziko a thanki ya madzi pachitundapo anapeza mafupa a anthu. J. H. Chaplin anayamba kufukula, kenako Brian Fagan anapitiriza. M'manda ena munali mikanda ya golide, mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja ya India, mkuwa woumbidwa ngati mtanda, mabelu achitsulo ndi zida zokokera waya. Koma chimene chinandigwira mtima ine ndi tizidutswa ta nsalu ya thonje ndi ya khungwa la mtengo.

Nsalu imaola msanga m'dothi lathu, ndipo chiswe sichisiya kanthu. Nanga izi zinapulumuka bwanji? Akufawo anaikidwa atavala makoza amkuwa. Dzimbiri lobiriwira la mkuwa limapha tizilombo toolesa zinthu, choncho ulusi umene unakhudzana ndi makozawo unatsala, wina wonse n'kusanduka dothi. Kwina zinasungika mwa njira ina. Ku Pazyryk, m'mapiri a Altai ku Siberia, Sergei Rudenko anafukula manda m'zaka za 1947 mpaka 1949 n'kupeza zikopa zaubweya ndi nsalu za ubweya wankhosa wopsinjidwa zili bwinobwino patapita zaka zoposa 2,000, chifukwa madzi oundana anazikuta. Iwo anathandizidwa ndi chisanu, ife mkuwa wathu womwewu.

Akatswiri ataziyang'anitsitsa anaona kuti zina n'zaulusi wosalala, mwina zochokera ku India, pomwe zina n'zokhakhala, zoombedwa konkuno. Pamalopo panapezekanso timapale tobooka pakati, tothandiza popota ulusi. Poyamba ankati mandawa ndi a m'zaka za m'ma 1300 ndi 1400, koma mu 2017 Susan McIntosh ndi Fagan anapimanso n'kupeza kuti ndi a pakati pa cha m'ma 1480 ndi 1640. Ndiye kuti m'chigwa cha Zambezi anthu ankapota ndi kuomba thonje kalekale, njanji isanafike ku Kafue, fakitale isanalotedwe n'komwe.

Ndinawauza ambuya zonsezi madzulo ena tili pakhonde. Anakhala chete, kenako anafunsa ngati dzina la woombayo likudziwika. Ndinati ayi. "Ndiye langa ulembe," anatero.

Ndinalemba dzina lawo ndi zaka zimene anagwira ntchito pakapepala, ndipo ndinakasokerera m'mphepete mwa kachitenje kaja. Tinakabwezera m'sutikesi, pansi pa diresi lawo la ukwati.