Munda wa Botanic wa ku Zomba

Munda wa Botanic wa ku Zomba ndi munda wa boma wa mitengo ndi maluwa umene uli m'tsinde mwa phiri la Zomba ku Malawi. Mtsinje wa Mulunguzi, wochokera pamwamba pa phirilo, umadutsa m'mundamo.

Mbiri yake imayamba ndi khofi. John Buchanan wa ku Scotland anafika mu 1876 kudzagwira ntchito ya zaulimi pa mishoni ya Blantyre. Atachotsedwa ntchito mu 1881, iye ndi abale ake anatsegula esiteti ya khofi ndi nzimbe ku Zomba, ndipo mu 1886 anamangira kazembe wa Britain, Hawes, nyumba pafupi ndi mindayo. Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda a ku Britain, atasankha Zomba kukhala likulu la dziko mu 1891, analowa m'nyumba yomweyo. Malo oizungulira anawasiya m'manja mwa Alexander Whyte, katswiri wa zomera, kuti aziyeserapo mbewu ndi mitengo yochokera kunja, aone imene ingakondane ndi nthaka ya kuno. Ndimo mmene mundawu unayambira. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo kuyambira 1987 mundawu ukuyang'aniridwa ndi bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, limene lili ndi minda ina ku Lilongwe ndi ku Mzuzu.

Maina a pamalopa ali ndi nkhani zawo. Nyumba ya kazembe ija anthu anaitcha Masongola poona nsanja zake zosongoka, ndipo dzinalo linakakamira mpaka pamene inasanduka hotela. Dzina la Whyte linatsalira pa mkungudza wa ku Mulanje, umene iye anatolako zitsanzo mu 1891: akatswiri amautcha Widdringtonia whytei. Ndi mtengo wa fuko la Malawi, wa matabwa onunkhira amene chiswe sichiwayerekeza. Mundawo weniweni anthu a ku Zomba safuna kuutchula motalikitsa, amangoti "ku Botanic". Loweruka akwati amakajambulitsako zithunzi, mkwatibwi atanyamula m'munsi mwa diresi kuopa matope a m'mbali mwa mtsinje. Ophunzira a pa yunivesite amakawerengera mayeso pamithunzi, ena amakapemphera, uku anyani akuzemberera chakudya cha odzacheza.

Mundawu uli m'gulu la minda yakale kwambiri yoyeserapo zomera m'chigawo chino cha Africa.