Mapiri Amene Nkhwangwa Inkaopa

Anzanga acinyamata, mukayang'ana mapiri ozungulira tauni yathu ya Kafue mumaonapo ciani? Ena amaona miyala yomangira nyumba, ena matumba a makala. Makolo athu ankaona zina. Tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Pa malire a Malawi ndi Mozambique, m'mapiri a Dzalanyama, pali kaphiri kochedwa Kaphirintiwa. Acewa akale ankati Cauta anatsikira pamenepo ndi mvula yoyamba, pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse. Thanthwe linali likali lofewa, ndipo mapazi ao anadinda pamwalapo. Munthu atapeka moto n'kutentha chire, nyama zinathawa, Cauta naye anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Mwamva? M'nthanoyi, cimene cinalekanitsa munthu ndi Mlengi wake ndi moto wolusa m'chire.

Pa Kaphirintiwa panali kacisi wa mvula, amene pambuyo pake anasamukira ku Msinja, kufupi komweko. Woyang'anira wake anali mai wa mfunda wa Banda, wochedwa Makewana, ndiko kunena mai wa ana onse. Iye sankameta tsitsi poopa kuti mvula ingaleke. Kukagwa cilala, mafumu ankatumiza mphatso kuti awapemphere mvula kwa Cisumphi, ndipo ng'oma ya Mbiriwiri inkalira. Angoni anasakaza kacisiyu m'zaka za m'ma 1800, koma dzina la Makewana silinafe.

Malo opatulika otere sankadulamo mtengo. Nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje, kumene kuli kacisi wa Mbona, ilipo mpaka lero cifukwa ca lamuloli. Anansi athu Atonga naonso amasunga malende ao, monga Gonde wa ku Monze, kumene amacitira mwambo wa Lwiindi mwezi wa July.

Musaganize kuti izi n'za kuno kokha. Ku Mongolia, kumpoto kwa China, kuli phiri la Burkhan Khaldun. Genghis Khan akali mnyamata anabisala m'phirili pothawa adani, ndipo atapulumuka analumbira kuti adzalilemekeza masiku onse. Anthu akumeneko amaunjika milu ya miyala yochedwa ovoo, n'kuizungulira katatu popempha mvula ndi madalitso. Boma la cikomyunizimu linapondereza mwambowu m'zaka za m'ma 1930, koma unadzukanso 1990 itapita. Mu 2015 bungwe la UNESCO linalemba phirili pa malo ofunika kusungidwa ndi dziko lonse lapansi.

Ife Akristu sitithira nsembe pa phiri, ngakhale ambiri timakwerako kukapemphera. Koma funso nali: makolo athu, opanda Baibulo m'manja, anatisiyira nkhalango. Nanga ife amene timawerenga Genesis tidzasiyira ana athu ciani?

Sabata ino funsani agogo anu dzina la phiri lopatulika la kumudzi kwanu, ndi malamulo ake. Lembani m'kabuku, mudzawerengere anzanu pa msonkhano wa gulu. Ndipo ulendo wina mukakwera phiri kukapemphera, muwerenge zitsa zimene mupeze m'njira.