Unyolo wa Mapepala ndi Nyenyezi ya Katoni: Mbiri ya Zokongoletsera za Khirisimasi Zopanga Pamanja

 Disembala wayandikira, ndipo ngati mwalowa m'sitolo masabata ano mwadzionera nokha: mashelefu adzaza timipira tonyezimira, timagetsi tothwanima, ndi mitengo ya pulasitiki yomwe mitengo yake ndi yoboola m'thumba. Pamene inu ndalama yomwe muli nayo ili kale ndi eni ake. Ina ndi ya lendi, ina ya feteleza yoti mutumize kumudzi, ina ya fizi ya mng'ono wanu mu Januwale. Ndiye mwana wanu, kapena mnzanu wokhala naye nyumba imodzi, akufunsa kuti, kodi ife sitikongoletsa? Mukaganiza zodula mapepala ngati mmene tinkachitira kwathu, kamtima kena kamati zimenezo n'zaumphawi, anthu atiseka. Lero tiyeni tifufuze ngati kamtimako kakunena zoona.

Tiyambire ku Strasbourg, mzinda umene lero uli m'dziko la France, kumalire ndi Germany. Pali zolembedwa za m'chaka cha 1605 zofotokoza kuti pa Khirisimasi anthu a kumeneko ankaimika mitengo ya mtundu wa paini m'zipinda zochezera, n'kupachikapo maluwa odula pamapepala amitundumitundu, maapozi, timikate topyapyala ndi zotsekemera. Umenewu ndi umodzi mwa maumboni akale kwambiri a mtengo wa Khirisimasi wokongoletsedwa m'nyumba. Taonani zomwe zinali pamtengopo: pepala, chipatso, chakudya. Sitolo ya zokongoletsera kunalibe. Cha kumpoto, ku Finland, alimi ankatenga mapesi a mbewu ya rye otsala akakolola, kuwadula tizidutswa, kulowetsamo ulusi, n'kumanga chinthu chamakonamakona chotchedwa himmeli. Ankachipachika kudenga pamwamba pa tebulo lodyera, pokhulupirira kuti chibweretsa zokolola zabwino chaka chotsatira. Ku Poland ndi ku Ukraine ankapanganso zofanana nazo, ndipo ankazitcha akangaude.

Tsopano tamverani nkhani ya nyenyezi ija yosongokasongoka imene ena mwa inu mumaiona m'mawindo ku Germany kapena ku Pennsylvania. Mu 1722, anthu othawa kuzunzidwa chifukwa cha chipembedzo ku Moravia analandiridwa pamalo a Count Zinzendorf ku Saxony, ndipo anamanga mudzi wotchedwa Herrnhut. Mpingo wawo, wa Moravian, unatumiza amishonale kutali kwambiri: ku Caribbean, ku Greenland, ku Genadendal ku South Africa mu 1738, ndipo pambuyo pake ku Rungwe, kumpoto kwa nyanja ya Malawi, mu 1891. Ana a amishonalewa akafika msinkhu woyamba sukulu ankawakweza sitima kubwerera ku Germany, kukakhala kusukulu zogonera komweko, ndipo ambiri ankatha zaka zambirimbiri osaona makolo awo. M'sukulu zimenezi, monga ya ku Niesky, cha m'ma 1830, aphunzitsi a masamu ankapatsa ana ntchito yodula ndi kumata mapepala kuti amvetse za makona ndi maonekedwe a zinthu. Chomwe chinatuluka m'phunzirolo ndi nyenyezi, ndipo anawo anayamba kuzipanga chaka chilichonse Khirisimasi ikamayandikira, n'kuzipachika m'zipinda zawo zogona. Mu 1897 wamalonda wina, Pieter Hendrik Verbeek, anayamba kugulitsa nyenyezi yotheka kuiphwasula n'kuitumiza papositi. Mpaka lero ku Herrnhut amazipanga pamanja, iliyonse ya nsonga 25. Inu amene munasiya mayi ku Ntcheu kapena mwana ku Chipata mukudziwa chimene mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri ankamva pomata nyenyezi imeneyo.

Munthu wina wofunika m'mbiriyi ndi Friedrich Froebel, mphunzitsi wa ku Germany amene mu 1840 anayambitsa sukulu ya mkaka n'kuitcha Kindergarten, ku Blankenburg. Iye ankakhulupirira kuti mwana amaphunzira ndi zala, choncho kupinda, kudula ndi kuluka mapepala zinali mbali ya maphunziro a tsiku ndi tsiku. Mu 1851 boma la Prussia linaletsa sukulu zimenezi poziganizira kuti zikufalitsa maganizo oukira. Chiletsocho chinatha mu 1860, koma pofika nthawiyo otsatira a Froebel anali atabalalika kale. Johannes ndi Bertha Ronge anatsegula sukulu yotere ku London mu 1851, ndipo Margarethe Schurz anatsegula ina ku Watertown, m'chigawo cha Wisconsin, mu 1856. Onsewa anali anthu osamuka kwawo, ndipo luso la mapepala linawoloka nyanja nawo limodzi. Ku Denmark kuli kamtima koluka ndi mapepala amitundu iwiri komwe amapachika pamtengo. Kakale kwambiri komwe kadakalipo anakapanga ndi mlembi wa nthano Hans Christian Andersen cha m'ma 1860, ndipo kamasungidwa kunyumba ya chikumbutso chake ku Odense. Tangoganizani, kapepala kolukidwa pamanja kali m'galasi ngati chuma cha dziko.

Nanga zogula zinabwera liti? Mu 1848 nyuzipepala ya Illustrated London News inasindikiza chithunzi cha Mfumukazi Victoria, mwamuna wake Albert ndi ana awo atazungulira mtengo wa Khirisimasi. Anthu apakatikati ku Britain anatengera pomwepo, ndipo mu 1850 magazini ya Godey's Lady's Book inasindikizanso chithunzicho ku America itachotsa chisoti chaufumu. Komabe mabanja ambiri ankapanga okha zopachika: unyolo wa mapepala, timatumba ta maswiti, mtedza wokutidwa ndi pepala lonyezimira, ndipo ku America ankatunga mbuliwuli pa ulusi. Timipira tagalasi tinkapangidwa m'tauni ya Lauscha ku Germany, ndipo nakonso inali ntchito ya m'makomo, bambo akuuzira galasi pamoto, mayi ndi ana akupaka utoto. Mu 1880 F. W. Woolworth anagula tochepa monyinyirika kuti ayese m'sitolo yake ku Lancaster, Pennsylvania. Tinatha m'masiku ochepa, ndipo malonda aakulu anayambira pamenepo. Timagetsi ta pamtengo tinaoneka koyamba mu 1882 m'nyumba ya Edward Johnson, mnzake wa Thomas Edison, ku New York, koma panapita zaka zambiri anthu wamba asanatikwanitse.

Kenaka kunabwera nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo a ku Britain anabwerera ku lumo ndi phala. Zokongoletsera za ku Germany zinasiya kubwera. Mu 1941 boma linaletsa masitolo kukulunga katundu m'mapepala kupatula zakudya ndi zina zochepa, chifukwa pepala linkafunika kunkhondo. Chaka chomwecho, pa 1 Juni, zovala zinayamba kugulidwa ndi makuponi, ndipo mu 1943 boma linatulutsa kabuku kotchedwa Make Do and Mend kolangiza anthu kusoka zigamba ndi kusandutsa zakale kukhala zatsopano. Ana ankadula nyuzipepala zakale, kuzipaka utoto, n'kumata unyolo ndi phala la ufa wa tirigu. Unduna wa zakudya unalangiza anthu kuviika masamba m'madzi a mchere wa Epsom kuti akauma azioneka ngati agwera chisanu. Ndipo pali chinthu china chodabwitsa. Kuyambira mu Julaye 1943, pamene ankaphulitsa mzinda wa Hamburg, ndege za Britain zinkamwaza timizere ta aluminiyamu mumlengalenga pofuna kusokoneza radar ya adani, ndipo a Germany nawonso anayamba kuchita chimodzimodzi. Timizereti tinkagwera m'minda ndi m'misewu, ana n'kumatola kukapachika pamtengo wa Khirisimasi. Agogo ena a ku Britain amene ena mwa inu mukuwasamalira m'nyumba za okalamba anakulira m'zimenezi. Tsiku lina muwafunse, muone mmene nkhope zawo zisinthire.

Tisabise, nkhondo itatha ndipo chuma chitayamba kuyenda, anthu ambiri anazisiya mosangalala. Munthu amene wamata nyuzipepala zaka zisanu ndi chimodzi chifukwa chosowa safuna kuuzidwa kuti kusowa n'kokoma. Pulasitiki inatchipa, mafakitale anasamukira ku Asia, ndipo mu 2014 nyuzipepala ya The Guardian inalemba kuti mzinda umodzi wa ku China, Yiwu, unali ndi mafakitale 600 opanga zoposa 60 peresenti ya zokongoletsera za Khirisimasi padziko lonse. Kanyenyezi ka pulasitiki komwe mukukaona ku Manchester, ku Sandton kapena mu Limbe mwina kanachokera komweko. Mukawerenga kuyambira nthawi ya Woolworth, zogulazi sizinakwanitse n'komwe zaka 150, pamene zopanga pamanja zadutsa zaka 400.

Pali anthu ena amene sanazisiye, ndipo inu mumagwira nawo ntchito m'zipatala ndi m'mahotela: a ku Philippines. Iwo ali ndi nyali yooneka ngati nyenyezi yotchedwa parol, dzina lochokera ku mawu a Chisipanishi akuti farol. Poyamba inkapangidwa ndi nsungwi ndi pepala lopyapyala, mkati muli kandulo, kuti iunikire njira popita ku misa za m'bandakucha zomwe zimayamba pa 16 Disembala n'kuchitika masiku asanu ndi anayi. Ku San Fernando, m'chigawo cha Pampanga, kumachitika chikondwerero cha nyali zikuluzikulu chaka chilichonse, ndipo m'sukulu zambiri ana amapikisana kupanga parol ndi mabotolo, mapaketi ndi zina zotayidwa. Mfilipino akasamukira ku Dubai kapena ku California amapachika parol pawindo, ndipo mnzake wodutsa mumsewu amadziwa kuti m'nyumbamo muli wakwawo. Palibe amene amaitcha yaumphawi.

Nanga ife? Mtengo wa Khirisimasi ndi unyolo wa mapepala zinatipeza kudzera ku mishoni, kusukulu ndi m'nyumba za atsamunda, n'chifukwa chake tinkaika thonje panthambi ya mkungudza kuti lioneke ngati chipale chofewa, kunja mvula ya Disembala ikugwa, mango akupsa. Koma kukonza pakhomo pokonzekera tsiku lalikulu tinali nako kale. Amayi ankazira nyumba ndi khonde, ena n'kujambula maluwa pakhoma ndi dothi lofiira, loyera ndi lakuda. Bwalo linkasesedwa mpaka kuwala. Kutchalitchi achinyamata ankabweretsa masamba a nthochi ndi a kanjedza, n'kumanga zingwe za mapepala kuchokera kukhoma lina kufika kukhoma lina. Guluu akasowa, nsima inkamata. M'makabati munkayalidwa nyuzipepala yodulidwa m'mphepete ngati leisi. Chitini chinkasanduka koloboyi, zotsekera za Fanta zinkasanduka maseche a kwaya, majumbo ankasanduka mpira, waya ankasanduka galimoto. Galimoto ya wayayo inafika mpaka m'buku la ana la Karen Lynn Williams lotchedwa Galimoto, lomwe linatuluka ku America mu 1990, ndipo nkhani yake imachitikira ku Malawi. Amene muli ku Cape Town ndi ku Johannesburg mukudziwa kuti ambiri mwa anyamata ogulitsa nyenyezi ndi angelo a waya ndi mikanda pa maloboti ndi a ku Zimbabwe, ena a ku Malawi. Alendo amagula n'kukapachika ku Ulaya monyadira.

Vuto lake ndi lakuti luso lotere silikhala m'buku. Limakhala m'zala, ndipo likalumpha m'badwo umodzi latha basi. Mwana wobadwira ku Luton amene sanaonepo bambo ake akupinda waya sadzadziwa kuti bambo akewo amatha. Adzakula akuganiza kuti Khirisimasi imachokera m'katoni ya ku sitolo, ndipo kuti kwawo kwa makolo ake kunalibe chokongoletsa.

Ngati mukufuna kuyesa chaka chino, zipangizo muli nazo kale. Timapepala ta malonda tomwe amaponya pakhomo panu, dulani timizere ta masentimita 2 m'lifupi ndi 15 m'litali, matani kamodzi kakhale ngati mphete, lowetsani kena, matani, mpaka unyolo ufike pomwe mukufuna. Zomatira zake, sakanizani supuni imodzi ya ufa wa tirigu ndi madzi theka la kapu, muphike pang'ono mpaka zikhale ngati phala. Katoni ya Amazon mudulepo nyenyezi, muikute ndi zidutswa za chitenje chomwe chinang'ambika. Makoko a chimanga, ngati mwawapeza, amapanga angelo abwino kwambiri. Chenjezo limodzi lokha: pepala ndi kandulo siziyandikana, makamaka m'mafulati momwe moto wa chipinda chimodzi umakhala wa anthu onse.

Kugula si tchimo, ndipo ngati thumba likulola gulani timagetsi tanu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, akuluakulu anatero. Koma mukakhala pansi ndi lumo Loweruka likubwerali, muitane mwana kapena mnzanu akhale pambali panu, mumupatse lumo lina, ndipo mumuuze dzina la munthu amene anakuphunzitsani inu. Mukamaliza mujambule, mutumize pa WhatsApp kumudzi. Mayi akayankha kuti unyolo wanu wapindika, muwafunse mmene iwo ankachitira.