Hayduke Trail

Hayduke Trail ndi njira ya oyenda pansi yotalika pafupifupi makilomita 1,300 yomwe imadutsa m'zipululu ndi m'zigwa zakuya za kum'mwera kwa Utah ndi kumpoto kwa Arizona, m'dziko la United States. Imayambira ku Arches, kufupi ndi tawuni ya Moab, n'kukathera ku Zion. Pakati pake imadutsa m'malo ena anayi osungirako zachilengedwe: Canyonlands, Capitol Reef, Bryce Canyon ndi Grand Canyon.

Mbiri

Njirayi inakonzedwa ndi Joe Mitchell ndi Mike Coronella, ndipo buku lawo loifotokoza linatuluka mu 2005. Dzinali analitenga kwa George Washington Hayduke, munthu wongopeka wa m'buku la Edward Abbey la mu 1975 lotchedwa The Monkey Wrench Gang.

Mmene njirayi ilili

Njirayi inagawidwa zigawo 14 ndipo ilibe zikwangwani zakezake. Imalumikiza tinjira takale, misewu yafumbi ndi makwawa ouma, ndipo pena woyenda amakwera matanthwe popanda kanjira n'komwe. Choncho ayenera kudziwa kugwiritsa ntchito mapu ndi kampasi. Malo okwera kwambiri ali pa Mount Ellen, pafupifupi mamita 3,480, ndipo otsika kwambiri ali m'mbali mwa mtsinje wa Colorado ku Grand Canyon. Ambiri amaimaliza pa miyezi ngati iwiri, atabereka chikwama cha chakudya, zogonera ndi madzi.

Zovuta

Vuto lalikulu ndi madzi. Akasupe ndi otalikirana, ena amauma, ndipo ena madzi ake ndi amchere moti amatsegula m'mimba. Pa chifukwachi oyenda ena amabisiratu madzi ndi chakudya m'malo ena ulendo usanayambe.

Madzi omwewo amaphanso akachuluka. Matanthwe samwa madzi, kotero mvula yogwa kutali imasonkhana msanga n'kusefukira m'zigwa zopapatiza, ngakhale pamene pali woyendayo kuli dzuwa. Izi zimachitika kwambiri kuyambira Julayi mpaka Seputembala. Nyengo yabwino yoyenda ndi Marichi mpaka Meyi, kapena kumapeto kwa Seputembala mpaka Novembala, pamene kutentha ndi kuzizira sikufika poopsa.

Kuteteza malo

Kugona m'malo osungirako zachilengedwe kumafuna chilolezo. Oyenda amalangizidwanso kuponda pamwala kapena m'makwawa, chifukwa pamwamba pa dothi la m'chipululumu pamakhala tizamoyo timene timaligwira kuti lisakokoloke. Tikapondedwa, pamapita zaka zambiri kuti tibwererenso.