Chilwa, Nyanja ya (mbali ya Phalombe)

Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'Malawi, ndipo yakhudza maboma a Phalombe, Zomba ndi Machinga. Ndi yosazama komanso ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho madzi ake amachoka makamaka pouma ndi dzuwa. N'chifukwa chake amamveka kamchere. Kuchokera ku Phalombe imalandira madzi a mitsinje ya Phalombe ndi Sombani, yomwe gwero lake lili kumapiri a Mulanje ndi Michesi. Mu 1996 idalembedwa m'pangano la Ramsar loteteza madambo ofunika padziko lonse.

Mvula ikavuta zaka zotsatizana, nyanjayi imaphwa, monga zidachitikira mu 1968, 1995 ndi 2018. Zikatero matemba, makumba ndi milamba zimabisala m'maiwe a m'mitsinje mpaka madzi atabwerera. Kuthira katupe m'maiwewa kumapha mbewu ya nsomba za m'nyanja yonse, n'chifukwa chake mafumu ndi makomiti a asodzi amaletsa.

Madzi akachuluka amawononganso. Napolo wa mu Marichi 1991 ndi namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 adapha anthu ambiri ku Phalombe, nakokolola miyala ndi dothi kuchoka m'mapiri. Kudula mitengo ndi kulima m'mphepete mwa mitsinje kumawonjezera matope okwirira nyanja.

Popeza mvula siikupanganikanso, ntchito yosamala madzi yatsamira pa kubzala mitengo kumagwero, kutseka usodzi wa makoka nthawi yoswana nsomba, ndi kutsata lamulo la madzi la 2013, lomwe lidakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority lopereka zilolezo zopatutsira madzi.