Kubuntha

Ku Mitande, m'boma la Mandimba, chikwakwa chikayamba kungogonetsa udzu osaudula, amati chabuntha. Kubuntha ndi kusiya kuthwa, kaya ndi mpeni, nkhwangwa kapena khasu.

Chimabunthitsa chitsulo msanga ndi mchenga. Mapesi a chimanga otoledwa pansi amabwera ndi dothi, ndipo nawo udzu uli ndi silika amene amapala mpeni pang'onopang'ono. Mipeni ya makina odulira chakudya cha ziweto ikabuntha, imangotafuna mapesi. Injini imalemedwa, dizilo sachedwa kutha, ndipo zinyenyeswazi zotsakamira m'kati zimasunga chinyontho choyambitsa dzimbiri.

Mankhwala ake ndi kunola, kukutumula mapesi asanalowe m'makina, kuchotsa zinyalala poweruka ndi kupaka girisi. Kuchigayo, nyundo zikadyeka mbali imodzi amazitembenuza.